Kuwerenga Masupuni: Zolemba za Ntchito ya Tebulo la Shuga

Sabata yoyamba

Ntchito imene ndikulemba m'kope lino ndi yokonza tebulo la chionetsero pamodzi ndi kapepala ka masamba awiri ka m'Chichewa, zoti zithandize amayi a gulu lathu la kutchalitchi kuno ku Zomba kuona ndi maso awo kuchuluka kwa shuga amene mabanja athu amadya pa tsiku. Tilipo atatu: ine, amene ndinaphunzitsa kusukulu ya pulayimale mpaka kupuma, anamwino ena amenenso anapuma pa ntchito ndipo timapemphera limodzi, ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ndiye adzatayipe zonse pa kompyuta. Chimene chinandiyambitsa ndi matenda a achemwali anga aakulu, amene anawapeza ndi shuga atakhala kale miyezi yambiri akumva ludzu losatha, akudzuka kangapo usiku kukataya madzi ndiponso akuonda popanda chifukwa chooneka. Kuchipatala anawauza kuti achepetse zotsekemera, iwo anavomera ndi mtima wonse, koma titafika kunyumba tonse tinazindikira kuti palibe amene ankadziwa kuti kuchepetsako kumayambira pati ndipo kumathera pati.

Sabata ino yatha ndi kusonkhanitsa manambala oti tiimepo. Malangizo amene bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linatulutsa mu 2015 amanena kuti shuga wothira asafike pa magawo 10 mwa magawo 100 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo amaonjezera kuti kutsika mpaka pansi pa magawo 5 kumapindulitsa kwambiri. Kwa munthu wamkulu wodya mwapakatikati, malire oyambawo ndi magalamu pafupifupi 50, amene ndi masupuni a tiyi 12, ndipo achiwiriwo ndi magalamu 25, masupuni 6. Supuni imodzi ya tiyi yosadzaza mpaka kupanga phiri imanyamula magalamu pafupifupi 4. Shuga amene akunenedwa apa ndi amene wophika, wakudya kapena fakitale amathira, kuphatikizapo uchi ndi madzi ofinyidwa kuchokera ku zipatso, koma osati shuga wa m'chipatso chathunthu monga mango kapena nthochi, kapenanso wa mu mkaka. Anamwino anandiuza kuti ndilembe mfundo yomalizayi ndi zilembo zazikulu, chifukwa anaonapo odwala ambiri akusiya zipatso ndi mantha koma akupitiriza kumwa zakumwa za m'mabotolo.

Sabata yachiwiri

Tabwereka sikelo yaing'ono ya kukhitchini kwa mayi wina amene amaphika makeke aukwati, ndipo Lachiwiri lonse ndinakhala pakhonde ndikuyeza masupuni. Apa ndi pamene ndinaona vuto loyamba la manambala a sabata yatha. Supuni imene imawerengedwa m'mabuku ndi yosalazidwa pamwamba, koma ine sindinaonepo munthu kwathu kuno akusalaza shuga asanamuthire m'kapu. Timatunga mpaka shuga atapanga kaphiri, ndipo sikelo inandionetsa kuti supuni yotereyi imalemera pafupifupi kawiri kuposa yosalazidwa. Kuonjezera apo, m'nyumba zambiri supuni ya tiyi mulibe n'komwe, ndipo imene imakhala m'chitini cha shuga ndi yaikulu ija yodyera phala, imene ngakhale itasalazidwa imanyamula magalamu oposa 10. Choncho munthu amene akunena moona mtima kuti amathira masupuni awiri okha akhoza kukhala kuti wamaliza kale magalamu 25 a tsiku lonse pa kapu yoyamba ya m'mawa.

Chifukwa cha zimenezi ndaganiza kuti kapepala kathu kasadalire supuni yokha. Muyeso umene mayi aliyense amaudziwa bwino ndi paketi, chifukwa ndiye amene amadziwa tsiku limene anaigula ndi tsiku limene yatha. Ndinayesa m'nyumba mwanga momwe. Tilimo anthu 6, ndipo paketi ya kilogalamu imodzi imene ndinatsegula Lolemba inatha Lachisanu madzulo, kutanthauza magalamu oposa 33 pa munthu aliyense pa tsiku, ana aang'ono omwe, tisanawerengere mandasi, mabisiketi ndi zakumwa zogula kunja. Ndinadabwa, chifukwa ndinkadziona ngati munthu wosamala. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti shugayo amapita ku tiyi wa m'mawa, ku phala la adzukulu, ku tiyi wa madzulo pamene kwazizira, ndi ku thobwa limene timakonza kumapeto kwa sabata.

Masamu amene alowe m'kapepala ndi awa: banja la anthu 5 likamamaliza kilogalamu imodzi m'masiku 4, aliyense ali pa magalamu 50, ndipo likaifikitsa masiku 8 aliyense ali pa magalamu 25. Ana amafuna mphamvu zochepa poyerekeza ndi akuluakulu, motero malire awo ndi otsikirapo. Mdzukulu wanga wajambula kabokosi koti mayi azilembamo tsiku lotsegula paketi ndi tsiku limene yatha, ndipo tapatsa amayi ochepa makope kuti ayesere kwa mwezi umodzi.

Sabata yachitatu

Tatolera mabotolo ndi mapaketi opanda kanthu m'maokala ndi pamsika, tawatsuka, ndipo takhala tikuwerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 alionse. Botolo la mamililita 300 ndiye kuti lili ndi magalamu 30, masupuni 7 ndi theka, ndipo la pulasitiki la mamililita 500 limafika pa magalamu 50, amene ndi malire a tsiku lonse a munthu wamkulu. Pa botolo lililonse tamangirira kajumbo koonekera mkati, kokhala ndi shuga woyezedwa pa sikelo molingana ndi zimene zalembedwa pa botololo. Nditanyamula kajumbo ka magalamu 50 m'dzanja, ndinaona kuti palibe mayi amene angalole mwana wake kubwira shuga wochuluka chonchi, koma tonsefe timamugulira botolo lomwelo ndi chimwemwe pa Khirisimasi ndi pa tsiku lotsekera sukulu.

Zakumwa zosungunula ndi madzi monga Sobo zatipatsa ntchito, chifukwa kutsekemera kwake kumadalira dzanja la wosungunula. Mafilizi a malambe, mandasi ndi thobwa la pamsika zilibe cholembedwa chilichonse, choncho pa zimenezi tidzangoika chinthucho pa tebulo ndi kufunsa amayi amene amaphika okha kuti anene shuga amene amathira mu ndowa imodzi kapena mu beseni limodzi la ufa.

Sabata yachisanu

Sabata yachinayi sitinakumane chifukwa cha maliro a m'dera lathu. Lachinayi lapitali tinayesa tebulo koyamba pamaso pa amayi a gulu, ndipo ndilemba zambiri za tsikuli chifukwa lasintha ntchito yonse.

Timajumbo tinagwira ntchito yake. Amayi anatinyamula, kutipatsirana, ena n'kumagwira pakamwa. Mayi wina wachikulire anati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ndipo onse anavomereza. Koma pamene ndinkaganiza kuti uthenga wamveka, mayi wina anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine amuna anga sathira shuga m'tiyi chiyambire, zakumwa za m'mabotolo samwa, koma kuchipatala awapeza ndi shuga. Nanga ameneyu wachokera kuti?" Wina anayankha kuchokera kumbuyo kuti apongozi ake amathira masupuni anayi ndipo afika zaka zaukalamba opanda vuto. Ndinaona kuti cholakwa chinali changa. Ndinakonza tebulo ngati kuti shuga wa m'paketi amalowa m'thupi n'kusanduka matenda mwachindunji, ndipo chilankhulo chathu chimathandizira maganizo amenewa, popeza mawu amodzi omwewo akuti shuga timatchulira chothira m'tiyi, chimene amayeza m'magazi, ndiponso matenda enieniwo. Munthu akamva kuti ali ndi shuga, amaganiza msanga za chitini cha pa shelefu, ndipo amene sakhudza chitinicho amadziona ngati wotetezeka.

Anamwino ndiwo anapulumutsa tsikuli, ndipo mawu awo ndawalemba kuti alowe m'kapepala. Anafotokoza kuti chakudya chilichonse chokhutitsa, kaya ndi nsima, mpunga, buledi, chinangwa kapena mbatata, chikagayidwa m'mimba chimasanduka shuga wa m'magazi, amene ndiye nkhuni za thupi. Kuti shuga ameneyu achoke m'magazi n'kulowa m'minofu pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Pali mtundu woyamba wa matendawa, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, pamene thupi limaleka kupanga insulini, ndipo umenewu suyamba chifukwa cha kudya zotsekemera. Mtundu wachiwiri, umene uli ndi anthu ambiri, umabwera pamene thupi laleka kumvera insulini bwino, ndipo zimene zimaukoka ndi zingapo: kumtundu, msinkhu, kunenepa makamaka kwa pamimba, ndi kukhala osagwira ntchito yotulutsa thukuta. Shuga wothira amalowa m'nkhaniyi chifukwa amaunjika mphamvu m'thupi popanda kukhutitsa, makamaka akakhala wa m'zakumwa, pakuti munthu amene wamwa botolo lonse amadyabe nsima yake yonse ngati sanamwe kanthu. Anaonjezera kuti shuga wa m'paketi ndi wa magawo awiri, ndipo gawo lina limakathera ku chiwindi, chimene chimalisandutsa mafuta likachuluka.

Pamene anatchula nsima, m'chipindamo munali phokoso. Ndikuona kuti apa tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa uthenga wooneka ngati ukunyoza nsima sungapite patali, ndiponso sungakhale wachilungamo kwa anthu amene nsimayo ndiyo chakudya chokhacho chodalirika. Tagwirizana kuti kapepala kanene zochepa zokha: mgaiwa uli ndi gaga amene ufa woyera ulibe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zizichuluka m'mbale, ndipo wodwala afunse kuchipatala za kukula kwa mitanda yake.

Funso limene landitsalira mumtima linachokera kwa amayi busa. Anati, "Mlendo akabwera kwanu, mudzamupatsa tiyi wopanda shuga? Adzapita akunena kuti kunyumba kuja n'koumira." Ananena zoona. Kwathu kuno tiyi wotsekemera bwino ndi ulemu, ndipo botolo la chakumwa loikidwa pa mbale pamaso pa mlendo limanena zimene pakamwa sipanena. Timati mlendo ndi mame, ndipo palibe amene amafuna kuti mamewo akamuke ali ndi dandaulo. Ambiri a ife tinakula shuga ali chinthu cha apo ndi apo, chobwera ndi wachibale wochokera kutauni, ndipo mu 2024 pamene anasowa m'masitolo tinaona anthu ataima pa mizere kumudikira. Chinthu chimene anthu anachivutikira chotere sungachitche poizoni pamaso pawo. Zimene tagwirizana n'zakuti shuga asamathiridwe mu ketulo kapena mu fulasiki, koma azibwera payekha m'kambale ndi supuni yaing'ono, kuti mlendo athire yekha ndipo wodwala asachite kufotokoza matenda ake pagulu.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ndalembanso tsamba loyamba lonse. Mawu akuti "shuga ndi woipa" ndawachotsa, ndipo m'malo mwake ndaika funso lakuti paketi imatha masiku angati m'nyumba mwanu.

Pali zinthu zitatu zimene anamwino aumirira kuti zisasowe, ndipo zonse ndi nthawi zimene shuga amathandiza. Choyamba ndi cha odwala amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga: akachedwa kudya kapena akagwira ntchito yolemetsa, shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka mutu, ndipo pamenepo madzi a shuga kapena switi ndi zimene zimamupulumutsa ngati akutha kumeza. Achemwali anga zinawachitikira ali kumunda, ndipo mwana amene anali nawo anakana kuwapatsa switi poopa kuti awapha, mpaka mayi wina wodutsa ndiye anathandiza. Kuyambira tsiku limenelo amayenda ndi maswiti awiri omangidwa pa nsonga ya chitenje. Chachiwiri ndi madzi a mchere ndi shuga a mwana wotsekula m'mimba, amene shuga wake amathandiza matumbo kuyamwa mchere ndi madzi. Chachitatu ndi chiponde cha kuchipatala cha ana onyentchera, chimene chili ndi shuga mwadala ndipo mayi sayenera kuchiopa.

Tinakambirananso za vitamini A. Shuga wa Illovo, wochokera ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, anayamba kuthiridwa vitamini ameneyu mu 2012, monga mmene dziko la Zambia linayambira kale mu 1998, pofuna kuteteza maso ndi thanzi la ana. Mayi wina anafunsa ngati kuchepetsa shuga sikulanda ana vitaminiyo. Yankho limene taika ndi lakuti cholinga cha kuthira vitamini chinali kufikira anthu kudzera m'chinthu chimene amadya kale, osati kuwauza kuti adye chochuluka, ndipo vitamini A amapezekanso mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya, mazira ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso. Ndaonanso kuti kapepala kasaiwale kuti dziko lathu lili ndi mavuto awiri pa nthawi imodzi. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, pamene kafukufuku wa matenda osapatsirana wa 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mwana amene wamwa tiyi wa shuga ndi mandasi awiri m'mawa wakhuta, koma sanalandire zomanga thupi, ndipo nyumba imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi mwana wopinimbira ndi agogo odwala shuga.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Makope a mapaketi abwerera. Sindikuwatenga ngati kafukufuku, popeza ndi a nyumba zochepa za anthu odziwana, koma zimene amayi analemba m'mphepete n'zothandiza. Wina analemba kuti paketi yake inkatha msanga chifukwa ana amabwira shuga akaweruka kusukulu. Wina anapeza kuti m'nyumba mwake paketi imakhalitsa, koma amuna ake, amene amayendetsa minibasi, amamwa mabotolo awiri kapena atatu pa tsiku ali pamsewu, ndipo zimenezi kabokosi kathu sikanazigwire. Taonjezera mzere wa zogula kunja kwa nyumba.

Amene anayesa kusiya shuga kamodzin'kamodzi anabwerera pa tsiku lachitatu, akuti tiyi ankamveka ngati mankhwala. Amene anachotsa theka la supuni sabata iliyonse akupitirirabe, ndipo mmodzi anandiuza kuti atapita ku chinkhoswe tiyi wa kumeneko anamukanika chifukwa chotsekemera kwambiri. Lilime limazolowera, ndipo m'nyumba mwanga paketi tsopano ikufika masiku 7. Phala la adzukulu tikuthira nsinjiro ndi nthochi yokanya, ndipo wamng'ono yekha ndiye akudandaulabe.

Gawo la mano ndinaliika kumapeto, koma ndalisunthira kutsogolo nditaona kuti ndi limene amayi a ana aang'ono amalimva msanga. Tizilombo tokhala pa mano timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amakokolola chikuto cholimba cha dzino, ndipo malovu amafuna nthawi kuti akonze pamene pawonongeka. N'chifukwa chake mwana amene amayamwa switi kapena filizi pang'onopang'ono tsiku lonse amawononga mano kuposa amene wadya chotsekemera kamodzi pa nthawi ya chakudya. Ndinaona zimenezi kwa zaka zambiri m'kalasi: mwana wogwira tsaya, wosagona usiku, wojomba masiku atatu, ndipo pomaliza dzino n'kuchotsedwa chifukwa linafika kuchipatala litawola kale. Talemba kuti ana osakwana zaka ziwiri asapatsidwe zakumwa zotsekemera, kuti tiyi wa shuga asaikidwe m'botolo loyamwitsira, kuti uchi usapatsidwe kwa khanda losakwana chaka, ndiponso kuti mano azitsukidwa kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, amene amalimbitsa mano, makamaka pokagona.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Mdzukulu wanga anafuna kuti tiike ndime ya misonkho, popeza Mexico inayamba kudula msonkho pa zakumwa zotsekemera mu 2014, ndipo South Africa ndi Britain zinatsatira mu April 2018, zimene zinachititsa makampani ena kuchepetsa shuga m'zakumwa zawo. Nkhaniyi ndi yofunika, koma ndaikana m'kapepala kano chifukwa mayi wa gulu lathu alibe chochita nayo Lolemba m'mawa, ndiponso shuga wambiri amene ndaona m'makope athu ndi wa supuni, amene msonkho wa mabotolo sumukhudza. Phunziro limodzi lokha ndatengapo: chakumwa cha dzina lomwelo chikhoza kukhala ndi shuga wosiyana malinga ndi dziko limene chapangidwa, choncho mabotolo obwera ndi achibale ochokera ku Johannesburg tiziwawerenga paokha. Za timapiritsi totsekemera tolowa m'malo mwa shuga taika chiganizo chimodzi, chakuti mu 2023 WHO inalangiza anthu kuti asatidalire ngati njira yochepetsera thupi.

Kapepala kafika pa masamba awiri ndi theka, ndipo kayenera kudulidwa kuti kakwane pa pepala limodzi kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa ndalama zosindikizira zimene gulu lasonkha n'zochepa. Anamwino atenga kope limodzi kuti akaonetse dokotala wina wodziwa za matendawa asanasindikizidwe. Tikufuna kuti tebulo lidzaime pabwalo la tchalitchi pa 14 November, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ndipo talemba kalata yopempha achipatala kuti adzabwere ndi makina oyezera magazi, chifukwa matendawa amatha kukhala m'thupi zaka osaonetsa chizindikiro pamene akuwononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Oyezedwa adzauzidwa kuti abwere asanadye kanthu, ndipo aliyense amene muyeso wa shuga wa m'magazi mwake wafika pa 7.0 mmol/L adzatumizidwa kuchipatala kuti akayezedwenso.

Zotsala sabata ikubwerayi ndi kusintha timajumbo tiwiri timene nyerere zaboola, kupeza mabotolo agalasi okhala ndi zivindikiro kuti shugayo azisungidwamo, ndi kukambirana ndi atsogoleri a gulu la abambo, popeza makope aonetsa kuti mabotolo ambiri amamwedwa ndi iwo ali kuntchito. Achemwali anga avomera kudzaima pa tebulo ndi kufotokoza okha za tsiku lija la kumunda, ndipo apempha kuti ndiwasungire mpando pamthunzi chifukwa mapazi awo salola kuima nthawi yaitali.